Tracker ya GPS m'malole athu: yothandiza, koma osamangogula zonse zomwe akukuonetsani

Ine ndi amuna anga tili ndi holoselo ku Limbe. Iwo amayang'anira katundu ndi ndalama, magalimoto ndi mbali yanga. Si ambiri ayi: malole awiri a matani atatu, Canter ndi Dyna, ndi ka Probox kothamangitsira maoda a m'tauni. Malolewo amanyamula shuga, sopo, mchere ndi mafuta ophikira kukatula m'magolosale a m'mbali mwa M1, kuyambira pa Lunzu, Zalewa, Ntcheu, mpaka ku Dedza oda ikakhala yaikulu. Onse atatu ali ndi tracker ya GPS, kachipangizo koonetsa pa foni pomwe galimoto ili, kuchokera kumayambiriro kwa 2024, yoikidwa ndi kampani ina ya mu Blantyre momwemuno yomwe timailipira mwezi ndi mwezi. Tracker yeniyeniyo ndilibe nayo chifukwa, ndalama yake imabwerera. Mawu anga ali pa zoonjezera zomwe amakuunjikira pogulitsa, komanso pa chizolowezi chomwe imam'patsa mwini galimoto, chokhalira maso pa foni tsiku lonse kuonerera kadontho koimira galimoto pa mapu.

Chinatikankha ndi dizilo. Mu November 2023, kwacha itagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, MERA inakweza lita ya dizilo kuchoka pa K1,920 kufika pa K2,734, ndipo ulendo wa ku Ntcheu unayamba kudya kaphindu komwe kale kankatsala. Buku la mafuta linkaonetsa kuti Dyna ikumwa kuposa Canter chikhalirecho katundu ndi wofanana, makaniko atayang'ana sanapeze vuto. Ukafunsa, yankho linali lomwelomwelo: msewu waipa, katundu analemera. Ine sindinkafuna kumuganizira munthu zakuba ndilibe chogwirika.

Kachipangizo kake ndi kabokosi kakuda kokwana m'chikhatho, ka mawaya atatu. Wofiira amatenga moto wa ku batire, wakuda amagwira chitsulo cha galimoto, wachitatu amalumikizidwa ku kiyi kuti kazidziwa ngati injini yalizidwa kapena yazimitsidwa. Mkati muli SIM ndi kabatire kakang'ono koti kazikhalabe moyo kwa kanthawi wina akadula waya. Mnyamata woika anabwera pa yadi pathu, n'kumasula pulasitiki ya kunsi kwa chiwongolero, n'kukabisa kuseri kwa dashibodi. Galimoto imodzi sinkamutengera ola. Koma imani pompo akamalumikiza. Pa Canter anawotcherera mawaya bwinobwino, pofika pa Dyna dzuwa linali litapendeka, anangopotokola ndi zala n'kukulunga tepi. Patapita miyezi ingapo ya mabampu a msewu wa Tsangano waya wa ku kiyi anamasuka, tracker n'kumanena kuti injini ndi yozima pamene lole ikuthamanga 70.

Wogulitsa ankalankhula ngati kampani yawo ili ndi setilaiti yakeyake kumwambako. Si choncho. Masetilaiti a GPS ndi a boma la America, amazungulira pamtunda wa makilomita pafupifupi 20,200, ndipo uthenga wawo ndi waulere kwa aliyense, ndi womwewo foni yanu imagwira mukatsegula Google Maps. Kachipangizoka kamangomvetsera. Kakamva masetilaiti anayi kapena kuposerapo kamawerengera pomwe kali, ndipo pabwalo poyera kamaphonya ndi mamita ochepa chabe. Tizipangizo tambiri ta masiku ano timamvanso masetilaiti a Russia otchedwa GLONASS. Koma kuti malowo afike pa foni yanga ku Limbe, amadzera pa netiweki wamba ya mafoni, mu SIM ija. Ndiye kuti ndalama ya pamwezi mukulipira data, kompyuta yosungira maulendo, app, ndi munthu woti azikuyankhani zikavuta. Kwa ife, pa galimoto imodzi, sifika mtengo wa malita 10 a dizilo.

Ukazimvetsa zimenezi mtima umakhala m'malo. Lole ikalowa m'mapiri momwe mulibe netiweki, kadontho kamaima nji pa mapu, theka la ola kapena kuposa, foni ya dalaivala nayonso sikupezeka chifukwa vuto ndi limodzi. Munthu wosadziwa apa wayamba kale kuitana apolisi. Kachipangizoka kamakhala kakusunga zonse mkati mwake, ndipo netiweki ikangobwera kamatula ulendo wonsewo nthawi imodzi, mzere n'kudzaza wokha. Pa mbali imeneyi sikanandinamizepo.

Phindu lenileni ndalipeza mu lipoti la dzulo, osati m'kuonerera lole ikuyenda. M'mawa uliwonse ndimatsegula tsamba la maimidwe: yaima pati, nthawi yanji, kwa mphindi zingati, injini ikulira kapena ayi. Sabata yoyamba yomwe, nkhani ya Dyna inaoneka yokha. Popita, lole ili ndi katundu, maimidwe anali a m'magolosale athu okhaokha. Pobwera ili yopanda kanthu, kuchoka pa Zalewa kufika pa Lunzu inkaima pafupipafupi, pa Mdeka, pa Lirangwe, pakati pa tchire penapake, mphindi imodzi, mphindi ziwiri, n'kunyamuka. Aliyense amene anakwerapo matola akudziwa kuti mzere wotere umatanthauza chiyani. Loweruka lina inapatukanso kulowa msewu wafumbi makilomita angapo, n'kuima nthawi yokwanira kukweza matumba.

Ena amati matola ndi nkhani yaing'ono, dalaivala akungopezako ya sopo. Ine chimandiopsa si dizilo wowonjezerawo. Lole ya katundu ikachita ngozi ili ndi anthu kumbuyo, a inshuwalansi amayamba ndi kufunsa kuti anthuwo ankafunamo chiyani, ndipo abale a ovulala amabwera kwa mwini galimoto. Makala ndiye ayi ndithu. Chisinthireni lamulo la nkhalango mu 2020 chilango chinakula, ndipo galimoto yogwidwa ndi makala opanda chilolezo itha kulandidwa. Pa rodibuloko ya Zalewa safunsa kuti mwini wake ankadziwa kapena ayi, amangoti imikani apo. Mnyamata wa Dyna tinakhala naye pansi, lipoti lili patebulo. Sanakane. Tinamupatsa kalata yochenjeza, akugwirabe ntchito, ndipo mafuta a lole ija anatsika kufanana ndi inzake.

Chinanso chomwe lipotili linaulula ndi injini yolira lole itaima. Nyengo yotentha anyamata ankaisiya ikulira potsitsa katundu, ena amati batire lingakane kudzutsa. Pagolosale iliyonse mphindi 20, magolosale khumi, mwaona nokha. Tinagula batire latsopano la Canter, chodzikhululukira chinatha.

Lathandizanso pa mikangano ndi makasitomala. Wa golosale wina wa pa Kampepuza anaimba kuti lole sinafike, akufuna tim'chotsereko mtengo chifukwa wagona opanda shuga. Lipoti linaonetsa kuti inaima pakhomo pake mphindi 25, dalaivala n'kunena kuti anapeza potseka, mwini wake ali ku maliro. Ndinamutumizira chithunzi cha mapu pa WhatsApp, nkhani inathera pomwepo. Ndimafananizanso nthawi ya pa lisiti la toll gate ya Chingeni ndi ya pa tracker, ndipo zimagwirizana.

Madalaivala tinawauza tisanaike, osati mobisa. Mkulu woyendetsa Canter, bambo wachikulire amene anayamba ntchitoyi ine ndisanakwatiwe, anavula chipewa n'kunena kuti, "Madamu, zaka zonsezi ndakuyendetserani popanda ngakhale kukanda penti, lero mwandiikira kazitape?" Ndinati, "Madala, si inu nokha. Ngakhale abwana anu akatenga Probox ndizidziwa komwe ali." Anaseka, koma kusekako sikunafike m'maso, ndipo kwa kanthawi moni wawo unali waufupi. Aliyense anasaina pepala lonena kuti galimoto ili ndi tracker, imalemba chiyani, ndipo woona malipoti ndi ine ndekha. Mnzanga wina anaika mobisa, makaniko n'kuipeza pokonza wailesi, pofika madzulo yadi yonse inali itadziwa ndipo fyuzi zinayamba kupsa modabwitsa. Komanso malamulo alipo. Gawo 21 la malamulo aakulu a dziko lino limateteza chinsinsi cha munthu, ndipo kuchokera mu 2024 tili ndi Data Protection Act, lamulo loteteza uthenga wokhudza munthu, lomwe oliyang'anira ndi a MACRA. Komwe munthu ali ola ndi ola ndi uthenga wokhudza iyeyo, osati galimoto yokha. Ndinazionera pa Probox, yomwe mnyamata wake amagona nayo kwawo ku Bangwe. Lolemba m'mawa mapu ankandionetsa tchalitchi chake, nyumba yomwe amakacheza Lamlungu masana, chipatala chomwe anaimako. Izi sindinazifunse ndipo sindizifuna. Ndinapempha kampani kuti ibise maulendo a kunja kwa nthawi ya ntchito, anati app yawo ilibe zimenezo. Panopa ndinangotchera kuti izindiuza galimoto ikayenda usiku kwambiri kapena ikatuluka mu Blantyre, za Lamlungu sinditsegula.

Kadontho kamanena kuti lole yaima pakuti. Chifukwa chake sikanena. Kumapeto kwa 2024, nthawi ya mizere ya mafuta ija, Canter inapatuka pa Chingeni kulowera ku Balaka komwe kunalibe oda, n'kuima maola atatu malo amodzi, foni osayankha. Amuna anga anali atayamba kale kuyendayenda mu ofesi. Madala aja atafika madzulo anangotulutsa lisiti: anamva kuti thanka yatsitsa dizilo pa filling station ina, anakaima pa mzere, foni inathima moto. Mawa lake malole a anzathu anagona pa yadi, yathu inayenda. Pa mapu mzere wa mafuta suoneka, rodibuloko sioneka, maliro otseka msewu saoneka. N'chifukwa chake ndimadabwa ndi mabwana amene amachotsa munthu ntchito pa foni atangoona kadontho. Gawo 57 la Employment Act, lamulo la za ntchito, limafuna chifukwa chomveka komanso kuti munthuyo apatsidwe mpata woyankhapo, ndipo ku Industrial Relations Court, khothi la milandu ya pantchito, chithunzi cha mapu chokha sichikuombolani ngati simunamumve.

Ya ku Lizulu ndiye inatiseketsa. Ndinajambula mpanda pa mapu woti lole ikatuluka m'dziko foni ilire. Tsiku lina masana inalira: Dyna ili ku Mozambique. Amene amayenda msewu umenewu akudziwa kuti pakati pa Ntcheu ndi Dedza, M1 imatsata malire, mbali ina ya msewu ndi Malawi, tsidya linalo ndi kwa eni ake. Mnyamata anangoimika lole tsidya la msewu kuti agule mbatatesi ndi kabichi. Kuonjezera apo, m'dera lomwelo SIM nthawi zina imakokedwa ndi netiweki ya ku Mozambique, ndiye poti yathu ilibe roaming, yoilola kugwira netiweki ya dziko lina, imangokhala chete mpaka lole itasuntha. Mpandawo ndinaukankhira mkati mwa Mozambique makilomita angapo.

Madalaivala nawonso yawapindulira, ndipo ndi pamene moni wa madala unabwerera. Kale nkhani ya ovataimu ndi alawansi yogonera inali ya mawu anga ndi mawu awo. Tsopano nthawi yolizira injini m'mawa ndi yozimitsira madzulo yalembedwa, ndipo lamulo limati sabata ya ntchito ndi maola 48. Lipoti linaonetsanso kuti kuchedwa kwambiri kunkachitikira kokweza katundu, komwe lole imatha kudikira pa geti m'mawa wonse, osati panjira. Usiku wina Canter inaduka fanibeluti kupitirira Phalula, mdima uli bii, dalaivala sakudziwa kuti atchule pati. Ndinangotumiza malowo pa foni ya makaniko, anakafika pomwepo osafunsa munthu.

Tsopano zoonjezera. Yodula kwambiri inali sensa ya mafuta, yomwe tinaika pa Dyna yokha. Amaboola thanki pamwamba, n'kulowetsa kandodo kachitsulo kofika pansi, kenako amakhuthula mafuta onse n'kumathira malita 10, malita 10, akulemba zomwe sensa ikuwerenga. Tsiku lathunthu lole ili pa yadi. Ikaima pamalo osalala imawerenga bwino ndithu. Ikangoyamba kuyenda, mzere wa pa foni umavina ngati madzi a m'ndowa ya pamutu osaikamo masamba: pokwera chitunda cha ku Dedza mafuta "amachepa", potsika "amachuluka", pa mabampu ndiye osanena. Thanki yathu ndi ya malita pafupifupi 100, ndipo kuvinako kumameza malita anayi kapena asanu, omwe ndi ndendende kachigubu komwe munthu wochenjera angapope. Uthenga woti mafuta abedwa unkabwera lole ikungokhota pa Nsipe. Wakuba wodziwa ntchito yake satsegulanso n'komwe chotsekera, amalumikiza kachigubu ku paipi yobweza mafuta ku thanki, ndipo sensa imangoona ngati injini ikumwa kwambiri. Pomwe imagwira ntchito ndi pomwetsa: lisiti likati malita 60 pamene m'thanki mwalowa 45, imaonetsa poyera. Koma zimenezo ndimazigwiranso ndi buku, pogawa makilomita a pa tracker ndi malita a pa lisiti sabata iliyonse. Amene muli ndi mathiraki a ku Beira kapena ku Dar es Salaam, a mathanki a malita mazanamazana, ikani, kumeneko kuba kwake n'kwa migolo. Pa lole ya matani atatu ndalamayo guleni matayala.

Chachiwiri ndi chozimitsira injini uli kutali. Pochionetsa chimasangalatsa: udina pa foni, galimoto phee. Ine pa malole ndinachichotsetsa. Injini ikazima lole ili ndi katundu pa mtsetse, chiwongolero chimalimba, mabuleki nawo amayamba kuuma, ndipo wodina batani ku Limbe sakuona kuti kutsogolo kuli ana a sukulu. Zoikidwa bwino zimadikira kuti galimoto ichepetse liwiro kapena iime, ndiye funsani ndipo akuyesereni pa yadi inu mukuona. Funsaninso kuti ndani wina ali ndi mphamvu yodina batanilo, chifukwa ku kampaniko aliponso amene angathe. Pa Probox ndinachisiya, poti timagalimoto totere ndi tomwe akuba amakonda ndipo kamagona kunja kwa yadi.

App yake ndi yapakatikati. Ndi ya Chingerezi chokhachokha, pa foni yotsika mtengo imachedwa kutsegula, ndipo ukasiya mapu ali otsegula bandulo imatha osaiona. Masiku oyamba malipoti onse anali m'mbuyo ndi maola awiri, lole yonyamuka 6 koloko ikuoneka kuti yanyamuka 4 koloko m'bandakucha. Chinali chakuti kompyuta yawo inatcheredwa pa nthawi ya Greenwich, pamene Malawi ili patsogolo ndi maola awiri. Kukonza kwake n'kwa mphindi imodzi, koma taganizani mutamuitana dalaivala kumufunsa komwe amapita usiku ndi lipoti loterolo. Mayina a timisika tambiri pa mapu palibe, ndinachita kubaya ndekha golosale iliyonse n'kuilemba dzina, ntchito ya madzulo angapo yomwe sindikudandaula nayo chifukwa tsopano lipoti limati "kwa a Hajji, Ntcheu" m'malo mwa manambala. Mauthenga ochenjeza amabwera atayatsidwa onse: liwiro, buleki yadzidzidzi, kukhota mwamphamvu. Pa misewu yathu, pomwe dalaivala wabwino ndi amene amazemba maenje ndi mbuzi, foni imalira tsiku lonse mpaka umasiya kuiwerenga. Ndinazimitsa onse kupatula atatu: liwiro lopitirira 80, kuyenda usiku, ndi kudulidwa kwa moto.

Palinso kakhalidwe kena koti mudziwiretu. Lole ikagona pansi pa shedi ya malata, uthenga wa masetilaiti umafika mokhotakhota, ndiye kadontho kamayendayenda kokha pa yadi. Kawiri konse alamu inatidzutsa pakati pa usiku, mlonda n'kutiuza kuti lole ili pomwe inaimikidwa, akuiona ndi maso. Anadzakonza potchera kuti injini ikakhala yozima kadontho kasamasunthe. Ndipo galimoto ikaima masabata angapo kudikira sipeya, chotsani waya wa batire mutawauza a kampani, apo ayi mudzalipeza litatheratu, chifukwa kachipangizoka sikagona.

Za kampaniyo: pogulitsa anabwera tsiku lomwelo. Waya wa Dyna uja atamasuka panatenga kuimba ndi kuimba, "tikubwera mawa madamu" wosatha, mpaka ndinanena kuti mwezi umenewo sindilipira. Anyamata awo aluso ndi ochepa ndipo amathamangira makampani a magalimoto ambiri, ife a atatu timadikira. Kulipira n'kosavuta, amalandira pa Airtel Money ndi pa Mpamba, koma mtengo umatsatira dola, ndiye kwacha ikagwedezeka kalata yokweza imabwera. Musanasaine ndi aliyense, funsani makasitomala awo awiri a msinkhu wanu kuti akaimba amayankhidwa pakapita nthawi yaitali bwanji. Limenelo ndi funso lofunika kuposa mtundu wa kabokosi, chifukwa mabokosiwo ambiri amachita zofanana. Funsaninso ngati kabokosiko kamagwira netiweki yakale ya 2G yokha kapena kamagwiranso 4G, makamaka amene mumapita ku Johannesburg, poti ku South Africa akhala akukamba zothimitsa 2G ndi 3G.

Mu kontirakiti yang'anani mizere iwiri. Woyamba: kabokosiko ndi kanu kapena mukubwereka, ndipo SIM inalembetsedwa m'dzina la ndani. Kathu tinagula, koma anakatseka ndi nambala yachinsinsi yomwe ali nayo ndi iwo okha, ndiye titafuna kusamukira ku kampani ina tiyenera kukawapempha kaye. Wachiwiri: maulendo amasungidwa kwa nthawi yaitali bwanji. Kwathu ndi miyezi itatu, kenako amafufutika, pamene nkhani ya inshuwalansi kapena ya ku khothi itha kudzuka patatha chaka. Ine tsiku loyamba la mwezi uliwonse ndimatsitsa malipoti a magalimoto onse atatu mu Excel, n'kusindikiza tsamba la maola a dalaivala aliyense, iye asaine ine ndisaine, kope imodzi atenge.